Funso lomwe sitinamufunse

Akonzi, ndipatseniko danga ndiulule kanthu kamene kakhala kakundidya mumtima, mwina aphunzitsi anzanga ndi makolo angatolepo kena.

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Nkhata Bay. Dipuloma yanga ndinatengera ku Domasi ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 11 ndikugwira choko. Kwa zaka zisanu ndakhala m'komiti yosungitsa mwambo pasukulu, udindo umene ndinkaunyadira kwambiri. Ana ankandiopa, ndipo ine ndinkayesa kuti manthawo ndiwo ulemu.

Panali mnyamata wina wa Fomu 3 amene sindimutchula dzina, ngakhale wandilola kufotokoza nkhani yake. Pa masamu analibe mnzake. Teremu yachiwiri anayamba kusinza m'kalasi, maso ali psuu, malaya akununkha nsomba ndi utsi. Tsiku lina anapezeka ndi kampukutu ka chamba m'sokosi. Komiti inakumana, ndipo mlandu wonse sunathe mphindi 20. Tinamufunsa ngati chambacho chinali chake, anavomera. Tinamufunsa ngati malamulo a sukulu akuwadziwa, anavomeranso. Ine ndi amene ndinalemba kalata yomuimitsa sukulu, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaikometsera ndi Chingerezi chozama. Tinamuuza kuti abwere ndi kholo pakatha masabata awiri. Iye sanabwere, ifenso sitinamulondole.

Patapita zaka ziwiri ndinatsikira kudoko kukalandira katundu wa mlamu wanga wochokera ku Likoma. Amene anafikapo pa Nkhata Bay tsiku lokocheza Ilala akudziwa piringupiringu wake: matumba a usipa akutsika, malata ndi matumba a ufa akukwera, amayi akuitanira malonda a nthochi ndi batala wootcha, anyamata aganyu akulimbirana katundu. Mmodzi wa anyamatawo anatula thumba pafupi ndi ine n'kuimirira.

"Aphunzitsi, mwandiiwala?"

Ndinamuzindikira ndi mawu, chifukwa nkhope inali itasintha. Anali atawonda, milomo itada, mpweya ukumveka kachasu dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Manyazi anandigwira, ndipo posowa chonena ndinamuitanira tiyi pa kagolosale kena. Nditakhala naye ndinamufunsa funso limene komiti yathu sinaliganizire n'komwe: "Kodi iwe, chinachitika n'chiyani?"

Anayamba ndi kuseka, kenako anafotokoza. Bambo ake anapita ku Joni iye ali Sitandade 7, monga amachitira abambo ambiri kuno. Poyamba ankatumiza ndalama, kenako foni inasiya kugwira, ndipo mapeto ake kunabwera uthenga wa maliro. Mayi ake anali odwaladwala. Kuti apeze fizi ndi ufa, mnyamatayu ankapita panyanja usiku kukakoka chilimira ndi asodzi, kubwerako mbandakucha, kusamba kumaso, n'kuthamangira kusukulu. Akuluakulu a m'bwato ndi amene anamupatsa fodya wamkuluyo, amvekere amachotsa tulo ndi kuzizira. Atachotsedwa sukulu, chamba chija chinapeza mnzake, mowa.

"Sindikukudandaulani, aphunzitsi. Ndinalakwadi. Koma tsiku lija ndinkadikira kuti wina andifunse chifukwa chake ndimagona m'kalasi."

Katundu wa mlamu wanga ndinanyamula, koma usiku umenewo sindinaone tulo. Tinali aphunzitsi asanu m'chipinda chija, tonse ophunzira, tonse makolo, koma panalibe anafunsa. Sikuti tinali oipa mtima. Kungoti tinaphunzitsidwa kuphunzitsa ndi kulanga, pomwe kumvetsera mwana wosokonezeka tinangokudutsa m'buku pokonzekera mayeso.

Nkhani sinathere pa tiyi paja. Patapita miyezi ingapo amalume ake anabwera kunyumba kwanga kudzandiuza kuti mphwawo wayamba kuyankhula yekha, sakugona, ndipo akuti anthu akumulondalonda kuti amuphe. Achibale anali atayesa kwa sing'anga, atayesanso mapemphero a usiku, ndipo masiku ena ankamumanga ndi chingwe poopa kuti angalowe m'nyanja. Sindikuwanyoza, pakuti munthu ukathedwa nzeru umagwira chilichonse chimene chili pafupi. Tinagwirizana zopita naye kuchipatala, ndipo kumeneko anatitumiza ku Mzuzu, ku St John of God.

Ife a kumpoto tili ndi mwayi pamenepa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo chili ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Koma abale a St John of God, a mpingo wa Katolika, anakhazikitsa ntchito yotereyi ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuchokera padoko pano ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 basi. Ndinkapitako ndi amalume aja Loweruka lina ndi lina, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaona ntchito imene sindinkaidziwa kuti ndi ntchito.

Ndinkaganiza kuti wodwala misala amangobayidwa jakisoni kuti agone. Mankhwala alipodi, ndipo ndi ofunika: madokotala ndi anamwino ndi amene anakhazikitsa pansi maganizo a mnyamata uja. Anatifotokozeranso zinthu ziwiri zimene ndikufuna makolo azimve. Choyamba, chamba chikhoza kudzutsa matenda a misala, makamaka mwa munthu amene wayamba kusuta akadali wamng'ono ndipo amasuta pafupipafupi. Chachiwiri, munthu amene thupi lake lazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku sayenera kungousiya mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kukomoka ngati wakhunyu, ndipo ena amafa nazo. Kusiya kotere kumafuna achipatala pafupi.

Koma mankhwala atagwira ntchito yake, panatsala funso lija la pa tiyi, ndipo apa ndi pomwe panalowa anthu ena awiri. Woyamba ndi phungu. Iyeyu sakalipa ndipo salalikira. Amakhala ndi munthu, kumufunsa, kudikira yankho ngakhale lichedwe, mpaka munthuyo aone yekha kuti chimene chimamutumiza kubotolo n'chiyani: kaya ndi chisoni cha maliro amene sanalire, kaya ndi anzake a m'bwato, kaya ndi ndalama za ganyu zikangolowa m'thumba. Akatero amapangana zoti achite chilakolako chikabwera. Wachiwiri ndi amene amamutcha social worker. Iyeyu amayang'ana kumene wodwalayo akubwerera: pakhomo pali chakudya kodi, adzamulandira ndani, achibale akumvetsa kuti awa ndi matenda, nanga adzachita chiyani kuti asabwerere padoko opanda chogwira? Anatikhazika pansi ife achibale ndi abwenzi n'kutiuza mosabisa kuti kuchira kwa mtunduwu sikuyenda chingwi, munthu akhoza kugwanso, ndipo akagwa tisamutaye.

Anagwadi. Patatha miyezi inayi ali bwinobwino, anamwa sabata yathunthu pa maliro a mayi ake. Ine wakale uja ndikanati basi, ameneyu ndi wokanika. Koma amalume ake anamutenganso, anapitanso kukaonana ndi phungu, ndipo lero akusoka maukonde ndi kukonza mabwato ndi mmisiri wina. Kusukulu sanabwerere. Mutu wa masamu uja tinautaya, ndipo dzanja limene linalemba kalata ija ndi langa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulingalira zokaphunzira ntchito ya uphungu. Nditawauza mayi anga kuti ndikufuna kukhala phungu, anagwira pakamwa. "Mwanawe, ndale zimenezi wazitenga kuti? Ndalama za kampeni uzipeza kuti?" Ndinaseka, koma kusamvana kwathuko kukuonetsa momwe ntchitoyi ilili yachilendo kwathu kuno. Nditawalongosolera anafunsa funso lovutirapo: "Nanga ankhoswe, anamkungwi ndi akulu ampingo ntchito yawo si yomweyo?" Ndinawayankha kuti anthu amenewa ndi ofunika ndipo phungu wanzeru amagwira nawo ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti malangizo athu a kumudzi nthawi zambiri amauza munthu chochita, pamene phungu wophunzira amayamba wamva kaye, amadziwa zizindikiro zoti munthu akuganiza zodzipha kapena akufunika dokotala msanga, ndipo amalumbira kusunga chinsinsi. M'tauni yaing'ono ngati yathu, momwe nkhani ya m'mawa pamsika imafika ku Chikale nthawi ya nkhomaliro isanakwane, chinsinsi ndi theka la mankhwala.

Kwa ana a Fomu 4 amene amangodziwa unamwino, uphunzitsi ndi upolisi, dziwani kuti njira zilipo. Ku Mzuzu komweko kuli sukulu ya ukachenjede ya St John of God, kumene amaphunzitsa dipuloma ya uphungu komanso madigiri a za matenda a m'maganizo kwa anamwino ndi madokotala othandizira. Ku Catholic University, ku Nguludi, kuli digiri ya social work. Ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kuli koleji ya boma imene yakhala ikusula alangizi a zachitukuko ndi ogwira ntchito zosamalira anthu. Omaliza maphunzirowa amagwira ntchito m'zipatala, m'maofesi a boma osamalira anthu, m'mabungwe, ngakhale m'ndende.

Koma ndisakunamizeni. Ntchitoyi si yolemeretsa, ndipo malo antchito sangokudikirani pakhomo. Ndi ntchito yosenza mavuto a anthu ena tsiku lonse, ndiye wosadzisamala amatha kudwala nayenso. Si ntchito ya munthu wokonda kuthokozedwa, chifukwa amene wamuthandiza lero mawa akhoza kukutukwana ali chiledzerere. Ndiponso si ya munthu wokonda kuyankhula. Kwa ine mphunzitsi, amene ndazolowera kuyankhula mphindi 40 popanda wondidula, phunziro lovuta kwambiri lidzakhala lotseka pakamwa.

Kufunika kwake n'kosachita kufunsa. Madokotala akuluakulu a matenda a m'maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Kwa zaka zoposa 70 tinkayendera lamulo la atsamunda la 1948 pa nkhani za odwala misala. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma kachasu ndi timabotolo totchipa tili paliponse. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo okhala ndi chiphaso, kusuta kukadali mlandu, koma ana ambiri kuno anangomva kuti chamba chaloledwa. Anzathu a ku Zimbabwe, poona kuchepa kwa madokotala, anayesa njira ina. Dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare anaphunzitsa agogo aakazi luso la uphungu, n'kuwakhazika pamabenchi panja pa zipatala kuti azimvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopyola muyezo. Ntchitoyo, yotchedwa Friendship Bench, inathandiza anthu ambiri mpaka maiko ena anaitengera. Ngati agogo anaphunzira, mphunzitsi wa dipuloma angalephere bwanji?

Chondivuta ndi cha pakhomo. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, ndiponso mng'ono wanga amene ndikumulipirira sukulu. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, pofika pa 15 amakhala atatsanzika kale. Mayi a kunyumba anandifunsa modekha kuti, "Bambo, mukapita kusukulu, ife tidya chiyani? Nanga ana a eni amene mukuwaphunzitsawo muwasiyira yani?" Funso lachiwirili linandilasa, chifukwa pasukulu pathu aphunzitsi ndife ochepa kale. Takambirana miyezi yambiri, ndipo tagwirizana kuti ndikapeza malo ndidzapempha tchuthi cha maphunziro, iwo adzalimbikira geni yawo ya usipa, ndipo ndikamaliza ndidzabwerera m'kalasi momwemo. Sindikufuna kuthawa choko. Ndikufuna kuti pasukulu pakhale munthu mmodzi amene mwana angamugogodere asanafike poti n'kupezeka ndi kampukutu m'sokosi.

Podikira zimenezo, pali zimene tasintha popanda kulipira tambala. M'komiti mwathu tsopano sitilemba kalata tisanafunse mafunso atatu: ukukhala ndi yani, unadya liti komaliza, ndipo usiku wapitawu unagona kuti? Chilango sitinachotse, pakuti sukulu yopanda mwambo si sukulu. Koma mwana akaimitsidwa, mphunzitsi mmodzi amapita kwawo sabata isanathe. Tinalembanso pabolodi nambala ya 116, yaulere, imene mwana aliyense wovutika angaimbe. Teremu yathayi mafunso atatu aja anatiululira mtsikana amene ankajomba Lolemba lililonse chifukwa ankasamalira bambo ake oledzera kumapeto a sabata. Kale tikanamupatsa khasu akalime kuseri kwa ofesi.

Mwezi wathawu ndinatsikiranso kudoko ndipo ndinamupeza mnyamata uja pamchenga, ukonde uli pamiyendo, singano ili m'manja. Ndinamuuza kuti mafomu a sukulu ya uphungu ndatumiza, ndikungodikira yankho. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anamwetulira.

"Ndiye kuti nanunso mukakhala kumbuyo kwa desiki, aphunzitsi? Mukakagona m'kalasi, akakufunseni chifukwa chake."

Tinaseka tonse, iye n'kupitiriza kusoka.

Mphunzitsi,
Nkhata Bay