Pa doko la Maputo: takisi kapena dalaivala wa tsiku lonse?

Ambiri a ife kuno kumalire sitinaonepo nyanja ya mchere. Madzi aakulu amene tiwadziwa ndi Zambezi pa mlatho wa ku Tete, damu la Cahora Bassa, kapena nyanja ya Niassa kwa iwo a ku Metangula. Komatu dziko lathu la Moçambique lili ndi gombe la makilomita oposa 2,400, ndipo m'zaka zapitazi, nyengo ya dzinja ikafika, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, sitima zikuluzikulu za alendo zochokera ku Durban zakhala zikufika pa gombe limeneli. Kampani yodziwika pa maulendowa ndi MSC. Sitima imodzi imanyamula anthu oposa 2,000, ndipo zina kutalika kwake ndi pafupi mamita 300, monga mabwalo atatu a mpira mutawalumikiza. M'katimo muli zipinda zogona, modyera ndi movinira. Ena mwa okwera ndi abale athu omwe amene agwira ntchito ku Joni ndi ku Durban, amene asunga ndalama chaka chonse kuti akapume ndi banja masiku atatu kapena anayi.

Sitimazi zikaima pa chilumba cha Ilha dos Portugueses, pafupi ndi Inhaca, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane, nkhani ya galimoto palibe. Alendo amawatsitsa ndi timaboti, nakasewera pamchenga mpaka madzulo. Koma sitima ikakocheza pa doko la Maputo, mlendo amatuluka pa chipata ndi kupeza mzinda waukulu uli pamaso pake, maola ali nawo ndi owerengeka, ndipo madalaivala akumuitana mbali zonse. Apa m'pamene pali funso lathu la sabata ino: akwere takisi imene waipeza pomwepo, kapena apangane ndi dalaivala mmodzi amene adzakhala naye tsiku lonse?

Tisanayankhe, timve lamulo la sitima. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mlendo wa pasitima ndiye mame enieni. Amafika m'mawa, madzulo wapita. Pa khomo lotulukira amalemba ola limene aliyense ayenera kukhala atabwerera, kawirikawiri theka la ola sitima isananyamuke. Amene apita ndi mabasi okonzedwa ndi eni sitima, akachedwa amadikiridwa, koma mtengo wa mabasi amenewo ndi wokwera. Amene wapita payekha, sitima siimudikira ngakhale atakuwa chotani pa doko. Zovala zake zimapita ku Durban, iye natsala ku Maputo, ndipo ayenera kudzilipirira yekha ulendo wa makilomita oposa 500 pamsewu kuti akazipeze. Choncho chimene mlendo agula kwa dalaivala kwenikweni ndicho kubwerera pa nthawi yake.

Mwayi wa Maputo ndi wakuti doko lili pa mtima penipeni pa mzinda wakale, kumene amati Baixa. Mukangotuluka, simuyenda kutali mwafika pa siteshoni ya sitima za pamtunda ya CFM, nyumba yobiriwira ndi yoyera ya denga lozungulira imene idatha kumangidwa mu 1916. Mukatsata msewu wa 25 de Setembro mupeza msika waukulu wa Mercado Central wa mu 1901, m'mene muli nsomba, koroso, piripiri ndi madengu. Pafupi ndi doko la asodzi pali linga la Fortaleza, m'mene muli bokosi la Ngungunhane, mfumu ya ku Gaza imene Apwitikizi adaigwira mu 1895, niimwalira ku zilumba za Açores mu 1906. Bokosi lake lidabwera kuno mu 1985. Mukakwera kamtunda mufika pa munda wa Tunduru ndi pa Casa de Ferro, nyumba ya zitsulo zokhazokha ya mu 1892, imene adaikonzera bwanamkubwa koma idakanika kukhalamo chifukwa cha kutentha. Pamwamba pake pali bwalo la Independência, pamene paima chifanizo chachikulu cha Samora Machel chimene adachiimika mu 2011, pambali pa tchalitchi choyera cha katedrale cha mu 1944.

Malo onsewa ali moyandikana, kotero kuti munthu wozolowera kupita kudimba wapansi angathe kuwazungulira m'mawa umodzi. Pa ulendo wotere kulipira dalaivala wa tsiku lonse ndi kutaya ndalama, pakuti galimoto idzakhala itangoima pamthunzi inu mukuyenda. Takisi ikwanira, kapena kanjinga ka mawilo atatu kamene kumeneko amati txopela. Dzuwa la Januwale likakuwawani, mukwera, mulipira ulendo umodziwo, mwathana. Ngati dalaivala sanakukomereni, simudzaonananso.

Koma takisi ili ndi zake. Zambiri sizigwiritsa ntchito makina owerengera mtengo, ndiye mtengo ndi wokambirana, ndipo tsiku la sitima umakwera monga mtengo wa chimanga mu Febuluwale. Safunsa adadya phula: funsani mtengo chitseko musanatsegule, mumvetsetse ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa galimoto yonse, ndiponso ngati ndi wa mametikali kapena wa marandi, pakuti manambala afanana koma ndalama zisiyana kutali. Khalani ndi ndalama zosintha, chifukwa chenje imasowa pamene mwatulutsa pepala lalikulu. Masiku ano ziliponso takisi zoitanira pa foni, monga Yango, zimene zimaonetsa mtengo musanakwere, koma zimafuna intaneti, ndipo mlendo amene foni yake ili ndi khadi la ku Joni angathe kupezeka alibe poitanira.

Vuto lalikulu la takisi ndi lobwerera. Pa chipata cha doko magalimoto ndi ambiri chifukwa aliyense waiona sitima. Kumene mukupitako, nthawi ya 3 koloko masana, mwina simupeza ngakhale imodzi. Ndipo malo ena okoma a Maputo ali kutali. Msika wa nsomba, Mercado do Peixe, kumene mumagula nkhanu kapena nsomba yaiwisi nkuipereka kuti akuwotchereni pomwepo, uli m'mbali mwa nyanja pa msewu wa Marginal, ndipo gombe la Costa do Sol lili patsogolo pake, makilomita khumi kapena kuposerapo kuchokera ku Baixa. Kutsidya kwa doko kuli Katembe, kumene mumawoloka pa mlatho wolenjekeka umene udatsegulidwa mu Novembala 2018, wa makilomita atatu, ndipo pali chipata cholipiritsa. Kumwera kwambiri kuli nkhalango ya njovu ya Parque Nacional de Maputo ndi Ponta do Ouro, makilomita oposa 100 kwa amene afuna kukafika kumalire. Uku ndiye kofuna dalaivala wanuwanu.

Dalaivala wa tsiku lonse mumapangana naye tsiku la sitima lisanafike, kudzera kwa mbale wa ku Maputo, ku hotela, kapena ku makampani oyendetsa alendo. Amakudikirani pa chipata atalemba dzina lanu papepala, amakudikirani pamene mukudya, katundu mungasiye m'galimoto, ndipo wotchi amaiyang'ana ndi iye. Ndalama zake ndi zambiri kuposa za takisi, koma ngati muli anayi kapena asanu a banja limodzi, mukagawana, kusiyanako kumachepa. Pamene pali agogo osatha kuyenda kapena ana aang'ono, palibe kuchitira mwina.

Chinanso chimene mumagula kwa iye ndi kudziwa mzinda. Adziwa kuti mvula yamkuntho ikagwa, misewu ya ku Baixa imadzaza madzi, magalimoto naima. Adziwa kuti anthu akamaweruka ku ntchito misewu ikuluikulu imathinana, ulendo wa mphindi makumi awiri nkusanduka wa ola. Adzakuuzani kuti pafupi ndi ofesi ya Pulezidenti pa msewu wa Julius Nyerere sajambula zithunzi, ndiponso kuti muyende ndi chiphaso chifukwa apolisi angakufunseni. Kumapeto kwa 2024, nthawi ya zionetsero zotsatira chisankho, misewu inkatsekedwa mwadzidzidzi, ndipo masiku ngati amenewo munthu wodziwa njira zodulira ndi wamtengo wapatali. Ngati ali wodziwa mbiri, adzakutengerani ku Mafalala, dera la nyumba za malata kumene adabadwira katswiri wa mpira Eusébio mu 1942, kumenenso adakhala mlakatuli José Craveirinha. Kumeneko mlendo sangangolowa yekha nkumvetsa chimene akuona.

Komabe walira mvula walira matope. Mukapangana ndi munthu mmodzi, mwamangika kwa iye tsiku lonse. Alipo amene amalandira kadontho kwa ogulitsa ziboliboli kapena kwa eni malo odyera, choncho amakuimitsani kumene inu simunafune, nthawi nkumapita. Alipo amene galimoto yawo ilibe mapepala oyendetsera alendo, ndipo wapolisi akaiimitsa, amene muchedwe ndi inu. Ndiye mgwirizano ukhale womveka kuyambira pachiyambi: malo oti mupite, maola angati, ndani alipire mafuta ndi chipata cha pamlatho, ndi ola lobwerera. Musapereke ndalama zonse m'mawa. Gawo lalikulu likaperekedwe madzulo pa chipata cha doko. Lembani nambala yake ya foni ndi ya galimoto, komanso nambala ya woimira sitima pa doko imene imalembedwa pa pepala la ndondomeko ya tsikulo. Muyambe ndi malo akutali m'mawa, mutsirize ndi apafupi, kuti ola lomaliza likupezeni pamene mungathe kufika ku sitima ngakhale wapansi. Ngati alemba kuti mubwerere 4 koloko ndi theka, inu muuze dalaivala 3 koloko ndi theka.

Tsono yankho lathu ndi ili: yesani mtunda wa pakati pa inu ndi sitima. Ngati tsiku lonse mukhala m'Baixa, pamene mukakweza maso mukuona zonyamulira katundu za pa doko, miyendo yanu ndi takisi zikwanira. Mukafuna kuwoloka mlatho kapena kutsata gombe kunka kumpoto, pezani munthu amene adzakudikirani. Ndipo ngati mtima uli pa njovu za kumwera, werengani maola kawiri, pakuti tayala limodzi lophulika lingakudyereni sitima.

Nkhaniyi ikhudzanso anyamata athu. Ambiri pano ali pa njinga zamoto ku Ulongwe, ku Calomue ndi ku Zobue, ena adapita ku Tete, ku Beira ndi ku Maputo kukayendetsa txopela ndi takisi. Mnyamata wa kumalire ali ndi chuma chimene mwina sachiwerengera: ambiri adaphunzirako Chingerezi ku sukulu za tsidya la Malawi, Chipwitikizi nachonso achidziwa, pamene alendo a pasitima ambiri alankhula Chingerezi. Wa takisi amene wakweza mtengo kawiri wadya lero lokha. Amene wanena mtengo woona, nadikira pamene adapangana, nabweza mlendo nthawi ikadalipo, nambala yake ya foni imayenda m'manja mwa anthu mpaka ku Durban, ndipo sitima yotsatira imamubweretsera ena amene sanawaonepo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Makolo amene ana anu ali pa chiwongolero m'mizinda, mukamawaimbira foni muwakumbutse zimenezi.