Kalata yochokera ku Chembe: tsiku limene ndinakwera boti la alendo

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala ku Chembe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, m'boma la Mangochi. Inu a kumtunda malo ano mumawatchula kuti Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka mu 1861 pofuna kulemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Ife tikamakwera matola ku Monkey Bay timangoti tikupita ku Kepu. Ndalemba kuti ndiulule kanthu kochititsa manyazi pang'ono. Ndinabadwira pagombe pano, imvi zandimerera pompano, chilumba cha Thumbi ndimachiona tsiku lililonse ndili pakhonde, koma zimene zili pansi pa madzi ake ndinaziona koyamba chaka chatha.

Anandipititsako ndi mwana wa mchemwali wanga, mmodzi wa anyamata oyendetsa alendo panyanja. Ine ndinkafuna kuti adzakhale mphunzitsi, iye anasiyira sukulu Fomu 2 n'kulowa ulovi pa khoka la chilimira, kenako n'kuyamba kulondola azungu pamchenga. Ntchito imeneyi ndinkaitcha kupemphetsa kovala nsapato, ndipo sindinkabisa. Madzulo ena kumayambiriro kwa Novembala anandipeza ndikusoka mpando wanga wansungwi, nati, "Amalume, mawa ndili ndi alendo anayi okha, malo alipo. Tiyeni mukaone chimene mumandinyozera chija." Ndinati ndiganize kaye. M'mawa mwake ndinapezeka kuti ndavala kale chipewa.

Ulendo wa boti umayamba alendo asanadzuke. Kunja kukuyera, mnyamatayo anali kale pagombe kudikira alovi amene anachezera usiku ndi nyali. Kwa iwo anagula kampango mmodzi wa ndiwo ndi tinsomba tingapo tapadera, timene ntchito yake ndinaiona pambuyo pake. Mpunga, tomato ndi anyezi anagula kwa amayi a pamsika, buledi pagolosale. Petulo anali m'chigubu chochokera ku Monkey Bay, ndipo masiku amene mafuta asowa chigubu chimenechi chimadya theka la phindu. Botilo si lake, mwini wake amatengapo gawo. Wogwira injini naye ali ndi yake, a paki ya Lake Malawi National Park nawonso amalandira ya mlendo aliyense. Ndikanakhala ndi choko ndikanawerengetsa pabolodi, koma ngakhale ndi zala zokha ndinaona kuti ndalama imene ndinkati mnyamatayu amangoitola imadutsa m'manja mwa anthu oposa asanu isanafike m'thumba mwake.

Tinayamba ndi kulowera ku Otter Point, kumene kuli miyala ikuluikulu yosalala. Dzinalo linabwera chifukwa cha akatumbu, koma tsiku limenelo anatibisalira, tinangoona anyani ndi ng'azi imodzi ikuwothera dzuwa. Injini itachepetsedwa, mnyamata uja analoza kumtunda n'kuyamba mbiri ya mishoni. Apa ndinatchera khutu ngati ndikuchonga mayeso. Anati amishoni a ku Scotland anafika mu 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ali ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Anati malungo anawatha anthu, manda awo alipo mpaka lero, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe asanakwere phiri kupita ku Khondowe. Anatchulanso Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pamishonipo. Sanaphonye chaka ngakhale chimodzi. Ndinafuna kumufunsa kuti zonsezi zinali kuti nthawi ya mayeso, koma pamaso pa alendo ndinadzigwira.

Titafika pa Thumbi anandipatsa magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira. Ndinakana kawiri. Munthu wa msinkhu wanga kuyandama chafufumimba pakati pa alendo, nanga akandiona amene ndinawaphunzitsa? Kachitatu ndinavomera, ndipo ndikanakana ndikanadzimana chinthu chachikulu.

Mbuna ndimazidziwa kuyambira ndili mwana. Zinali nsomba za ana, zowedza ndi kambedza pamiyala, zosati n'kuika pamaso pa apongozi. Koma ndinkazidziwa zili m'dzanja, zitafota, mtundu utathawa. M'madzi ndi zina. Pali zabuluu ngati nsalu yatsopano, zachikasu, zamizeremizere, zamawangamawanga, zonse zikudya ndere pamiyala, ndipo yamphongo iliyonse ikulondera kamwala kake ngati mwini munda amene ali pamkangano wa malire. Mnyamata uja anafinya buledi m'madzi, nthawi yomweyo zinamuzinga mpaka dzanja losaoneka. Kenako anandikoka mkono n'kundilozera imodzi yotupa kukhosi, imene sinkadya nawo. Titavuuka anandiuza kuti ndi yaikazi, yasunga ana m'kamwa, ndipo kukakhala bata imawalavula, kukabwera mdani n'kuwamezanso. Zimenezi ndinkazidziwa za chambo, ndinaziphunzitsaponso m'kalasi, koma ndinali ndisanazione zikuchitika.

Tinsomba timeneti ndi timene tinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Mitundu yake ndi mazanamazana, ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha, chifukwa mbuna siikonda kuchoka pamiyala n'kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya. Lamulo limaletsa kusodza pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki, zilumba zomwe. Ndikukumbukira mmene akuluakulu anadandaulira, poti midzi ngati Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inapezeka yazingidwa ndi paki, nkhuni zomwe n'kukhala za chilolezo. Dandaulolo silinathe, ndipo ine sindinganene kuti n'lopanda pake. Koma mdzukulu wa odandaula aja lero akudyera nsomba imene saigwira.

Tinsomba tapadera tija tinali ta nkhwazi. Mnyamatayo anasomeka kabango m'kamwa mwa kamodzi kuti kasamire, anaimba likhweru, n'kukaponya patali. Nkhwazi inanyamuka pamtengo, inazungulira kamodzi, n'kutsika miyendo ili patsogolo, psiti! yatola. Alendo anakuwa, makamera ali m'mwamba. Ine ndinasangalala nawo, koma mumtima munali kena kake. Mbalame imene ili pachizindikiro cha dziko lathu yaphunzira kudikira likhweru ngati galu wa pakhomo. Sindinanene kanthu, popeza nanenso penshoni ndimaidikira chimodzimodzi.

Chimene chinandisintha maganizo chinachitika titadya mpunga ndi kampango wootcha. Alendo anali atakondwa, ndipo mmodzi anapempha kuti tipitirire mpaka ku Mumbo, chilumba chimene chili patali makilomita pafupifupi 10, nati awonjezera ndalama. Nyanja inali phee, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinaona kuti mwayi wagwa. Mnyamatayo anayang'ana kumpoto kwa kanthawi, anayang'anizana ndi wogwira injini, n'kukana. Mlendo anakweza mtengo, iye anakanabe, mwaulemu koma osasuntha. Ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, ndalama ikukupeza wekha ukuikana?" Anati, "Amalume, taonani mzere wakuda uko, ndiponso kamphepoka katembenuka. Tikafika bwino, koma pobwera mpoto utipeza pakati." Tinabwerera. Dzuwa litapendeka mafunde anali akumenya pagombe moti amayi anaanula usipa pathandala mothamanga, ndipo maboti onse anawakokera kumtunda.

Nzeru imeneyo sanaitenge kwa ine. Anaitenga zaka zimene ndinkati akutaya nthawi, usiku pachilimira, akupalasa pambali pa siginala amene amayatsa nyali kuitana usipa. Kumeneko ndi kumene munthu amaphunzira kuti gombe lathu, poti layang'ana chakumpoto ndipo kumbuyo kuli mapiri, limabisika ku mwera wa m'miyezi yozizira, koma ukangotuluka kuseri kwa chilumba cha Domwe umakumana nawo maso ndi maso. Amaphunziranso kuti mpoto wa nthawi ya dzinja sugogoda, umangolowa. Mlendo amaganiza kuti walipira nsomba zokongola ndi chithunzi cha nkhwazi. Chenicheni chimene wagula ndi munthu wodziwa nthawi yokana.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Kukubwera anyamata ena amene chizungu chili pakamwa, ena mpaka moni wa Chijeremani, koma nkhafi sanaigwirepo usiku. Anyamata akale anadzipangira bungwe lawo, ndipo zathandiza kuchepetsa kulimbirana mlendo ngati nkhuku pa chimanga, koma kukhala m'bungwe sikuphunzitsa mphepo. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso pa Khirisimasi ndi Pasaka, mabasi amatsitsa anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ndimaona ndi maso anga boti litadzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa, majekete oyandamitsa ali owerengeka, mabotolo ali m'manja. Alendo athu a konkuno ndi amene amanenerera mtengo kwambiri, ndipo mnyamata akatsitsa amabwezera podzaza anthu. Abale anga a m'tauni, jekete mukaliona lovuta kuvala chifukwa libisa malaya atsopano, dziwani kuti nyanja iyi pena imazama mamita 700. Za likodzo nazonso tisanamizane: m'madzi a pafupi ndi mudzi lilipo, ndipo mankhwala ake ndi osavuta kupeza. Woyendetsa alendo wabwino amanena zimenezi asanafunsidwe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo pano mwambiwu tinauona kalekale. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima pano pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, anthu n'kumati Kepu yatukuka. Chaka chotsatira zinasiya. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka njira, maboti a alendo anauma pamchenga, ndipo anyamata ambiri, mwana wa mchemwali wangayu ali m'gulu, anabwerera ku chilimira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa petulo n'kukwera. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kumeza mchenga umene alendo amagonapo, madzi n'kulowa m'mipanda ya malo ena ogona. Nthawi zonsezi chimene chinagwira mudzi ndi usipa. N'chifukwa chake ndimaseka ndikamva ena akunena kuti asodzi achoke pagombe poti akuipitsa malo a alendo. Akachoka, kampango wa nkhomaliro adzachokera kuti, nanga woyendetsa boti adzaphunzira kwa yani?

Chatsala n'chimodzi chimene chimandiwawa. Zaka zonse zimene ndinaima kutsogolo kwa kalasi ndinkajambula nsomba pabolodi, ana n'kumakopera m'makope, pamene nsomba zenizenizo zinali pamtunda wosakwana theka la ola pa boti. Ana ambiri a m'mudzi muno, makamaka atsikana, amatsuka mbale m'nyanja tsiku ndi tsiku koma magalasi aja sanawavalepo. Munthu amachoka ku Ulaya kudzaona chimene mwana wa pa Chembe amangochimva.

Ndinamuuza mnyamata uja kuti ndikufuna atenge adzukulu anga atatu ndi anzawo a m'kalasi amene angakwane majekete. Anati za iye ndisalipire, koma petulo ndi buledi zikhale zanga, ndipo mwini boti ndikalankhule naye ndekha popeza ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Ndinapitako, anavomera, atandikumbutsa kaye za chikwapu china cha kale. Chigubu ndagula, chili kuseri kwa chitseko. Pano mwera ukuwomba ndipo madzi akuzizira, ndiye mnyamatayo wati tidikire Seputembala. Ulendo uno sindinatsutse.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Chembe, Mangochi.