Ku Sheffield, kumene mwala unkadya mpeni ndi munthu yemwe

Amene mumatsatira mpira wa ku England mukuidziwa Sheffield United, timu ija imati ikakwera mu Premier League osachedwa yatsikanso. Anthu amaitcha The Blades, ndipo pachizindikiro chake pali malupanga awiri opingasana. Ine ndinkangoyesa kuti ndi dzina loopsezera anzawo basi. Ndinadzadziwa mochedwa kuti dzinali likunena za ntchito: kwa zaka mazanamazana, anthu a mumzindawu ankadyera kusula ndi kunola mipeni.

Chimene chinandipititsa kumeneko si mpira ayi, koma uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa achimwene anga. Iwo ali ndi kashedi kowotcherera zitsulo kwathu ku Dedza. Maoda a mageti akasowa, amasula mipeni ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i akutha a galimoto. Chaka chatha anadzipangira makina onolera oyendera lamba wa sandipepa, pogwiritsa ntchito mota yakale ya pampu. "Mphwanga, malamba a kuno akungotha ngati sopo, phindu lonse likuthera pomwepo. Tandionereko kumeneko ngati kuli olimba," anatero. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Manchester. Lamba amene ndinkamudziwa ndi wa buluku yekha.

Loweruka lina ndinakwera sitima yodutsa m'mapiri a Peak District, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Nditafika ku Sheffield ndinalowera ku Endcliffe Park, n'kuyamba kutsata kamtsinje ka Porter Brook kulowera kumtunda. Kwathu kameneka sitingakatche mtsinje, ndi kakhwawa chabe. Koma ndi kamodzi mwa mitsinje isanu imene inamanga mzindawu, pamodzi ndi Don, Sheaf, Loxley ndi Rivelin. Anthu ankatseka madzi ake m'timadamu, madziwo n'kumazungulitsa magudumu, magudumuwo n'kumazungulitsa miyala yonolera. Lero m'mbali mwake mumangodutsa anthu othamanga ndi oyendetsa agalu.

M'kankhalango ka Whiteley Woods muli malo otchedwa Shepherd Wheel: tinyumba tiwiri tamiyala, damu kuseri kwake, ndi gudumu lamadzi lalikulu mamita oposa asanu. Malowa amatchulidwa kale m'zolembedwa za mu 1584, ndipo mipeni inkanoledwa pamenepa mpaka 1930. Pano ndi malo osungirako mbiri. Mkati mwake muli mdima, chinyontho ndi fungo la dzimbiri. Pamakoma panaumira matope a mwala wosakanikirana ndi chitsulo. Atatsegulira madzi, nyumba yonse inayamba kunjenjemera, malamba achikopa akumenya phaphapha, miyala ikuzungulira m'timigwadi ta madzi.

Wonola ankakhala chotang'adza pampando wathabwa, pamwamba penipeni pa mwalawo, atawerama tsiku lonse. Bambo wina wodzipereka kulondolera alendo anandionetsa maunyolo ochindikala amene anamangirira mpandowo pansi. Ndinayesa kuti nkuopa akuba. Ayi ndithu. Mwala wokhala ndi mng'alu wobisika unkatha kuphulika uli pa liwiro, ndipo maunyolowo ankathandiza kuti zibenthu zisamunyamule munthu mpaka kudenga.

Pamenepo mpamene ndinamvetsa chinthu chimene chinasintha funso la achimwene. Mwala wonolera umadya chitsulo chifukwa nawonso ukudyeka. Timchenga tapamwamba tikabuntha timayenera kuthothoka kuti tatsopano takuthwa tionekere. Amene munadyako nsima ya mawere operedwa pamphero mukukumbukira timiyala tija tinkalira m'mano. Mwala ukalimbitsitsa umasalala, umangopukuta mpeni n'kuuwotcha. Ukafewetsetsa umatha msanga, ndipo onola a ku Sheffield ankagula miyala ndi ndalama zam'thumba mwawo. Choncho luso linali kusankha mwala wotha pa mlingo woyenera, osati wosatha.

Koma mwalawo ukamatha unkapita kuti? Wina m'madzi, wina pakhoma, wina m'mapapo. Miyala imeneyi inali yamchenga, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda amene madokotala amati silicosis, omwe amavutitsanso abale athu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Friedrich Engels, m'buku lake la mu 1845 lonena za moyo wa anthu apantchito ku England, analemba kuti onola pamwala wouma ankangofika zaka pafupifupi 35, ndipo onolera m'madzi kawirikawiri sankapitirira 45. Onola mafoloko ndiwo ankafa msanga kuposa onse. Ndinaima pamenepo n'kuwerengera: achimwene ali ndi zaka 38, ndipo chimene amatchinga nacho mphuno ndi kansalu ka malaya akutha.

Masana ndinabwerera m'tauni, kufupi ndi bwalo la Bramall Lane, kumene kudakali timashopu ta amisiri m'mafakitale akale a njerwa zofiira. Ndi mumzinda womwewu mmene Harry Brearley anatulukira chitsulo chosachita dzimbiri mu 1913. Mmisiri wina wachinyamata anandilola kulowa nditamuonetsa vidiyo ya makina a achimwene. Anaionera kawiri, kenako anatsitsa malamba pa msomali n'kuwayala patebulo.

Miyala yamchenga inatha ntchito kalekale. Kuyambira pamene Edward Acheson anapanga silicon carbide mu 1891, mchenga wonolera umapangidwa m'fakitale. Lamba wotchipa, wofiirira uja, amakhala wa aluminium oxide. Ndi wabwino pa chigwiriro chamtengo, koma pachitsulo cholimba sachedwa kubuntha. Wa zirconia, amene nthawi zambiri amakhala wabuluu kapena wobiriwira, amapirira kwambiri. Wa ceramic ndiye mfumu, ndipo mtengo wake ndi waufumunso. Timchenga take timabenthuka pang'onopang'ono n'kumadzinola tokha, ndiye amadya msanga osatenthetsa chitsulo.

Ine ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiode wa ceramic. Mmisiriyo anapukusa mutu. Anati lamba ameneyu amafuna mota yamphamvu, liwiro, ndi munthu wokanikiza zolimba. Popanda zimenezo timchenga sitibenthuka, lamba amangosalala ngati wotchipa yemwe uja. Kwa kamota ka pampu, zirconia ndi amene angabweze ndalama. Kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono, chifukwa ndinkafuna kutumiza chodula kuti kumudzi adziwe kuti mwana ali kunja.

Zinanso zimene ananena n'zosafuna ndalama. Nambala yolembedwa kuseri kwa lamba ikakhala yaing'ono, mchenga wake ndi waukulu: 36 kapena 60 ndi wosemera mpeni, 120 wofafanizira mikwingwirima, 220 ndi 400 wosalazira. Ambiri amapha lamba wosalala pomugwiritsa ntchito ya wokhakhala. Lamba watsopano osamuyambitsira pa ngodya yakuthwa ya chitsulo, imakokolola mchenga wonse. Yambani mwaphwanya ngodyayo ndi lamba wakale. Malamba azipachikidwa pouma, chifukwa chinyontho ndi kutentha zimafooketsa polumikizira. Ndipo pambali pazikhala chitini cha madzi. Mpeni wowumitsidwa kale ukasintha mtundu kukhala ngati udzu wouma, mwayamba kuutenthetsa. Ukafika pa buluu, pamenepo pafewa, sipadzasunganso kuthwa.

Pa za miyala yozungulira ya masiku ano, ananditengera ku girayinda ya patebulo. Anamasula mwala, anaukoleka pa chala, n'kuugogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Unalira kuti ngwee ngati belu. Wang'alu umangoti phu, ndipo woterowo ngotaya. Madisiki a girayinda yam'manja ali ndi malamulo awonso. Pa disiki iliyonse amalembapo liwiro losayenera kupitirira: ya mamilimita 230 imalekezera cha m'ma 6,600 pa mphindi, pamene girayinda yaing'ono imazungulira cha m'ma 11,000. Amene amachotsa chotchingira kuti disiki yaikulu ikwane akukhala pa mpando wa ku Shepherd Wheel wopanda unyolo. Pa kachitsulo kapakati amadindaponso tsiku lotha ntchito, poti guluu wogwira mchengawo amakalamba. Ndi angati a ife anayang'anapo tsikulo pogula disiki pamsika?

Ndili m'sitima yobwerera ndinawaimbira achimwene. Ndinawauza kuti ndisanagule kalikonse ayeze makina awo ndi chingwe, chifukwa kuno malamba ambiri ndi a mamilimita 50 m'lifupi ndi 2000 m'litali, pomwe a ku America ndi mainchesi 2 ndi 72. Anayeza, n'kupeza kuti afunika kusuntha gudumu limodzi pang'ono. Zimenezo kwa iwo si nkhani.

Ndinaoda malamba khumi a zirconia, ndi awiri a ceramic oti akayesere okha. Pamwamba pake ndinaikapo magalasi otchingira maso ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera za P3.

"Nanga chimasikicho n'chachiyani? Ukanangoonjezera malamba," anatero.

"Achimwene, mukapanda kuvala, ulendo wina sinditumiza."

Anaseka, kenako anakhosomola kanthawi ndithu, ine ndikudikira pa foni. Katunduyo anyamuka ndi mnzanga amene akupita kumudzi mwezi wamawa.