Nkhanga Ikalira

Anzanga acinyamata, ndani wa ife kuno ku Pembamoyo sadziwa kulira kwa nkhanga? Ikaona galu kapena ciwombankhanga sithawa mwakacetecete. Imasokosera mpaka zinzake zonse zidziwe kuti kwaopsa.

Mbalameyi ndiyo inapatsa dzina filimu ya Rungano Nyoni, mai wobadwira mu Lusaka amene anakulira ku Wales. Anabwerera kuno kwao kudzajambula On Becoming a Guinea Fowl, ndipo mu 2024 analandira nayo mphoto ku Cannes m'dziko la France. Ambiri a m'filimuyi alankhula Cibemba, koma maliro ace ndi athu omwe.

Mtsikana wochedwa Shula apeza mtembo wa amalume ace Fred uli gone pamseu usiku. Salira. Pamaliro azimai akulu amdzudzula cifukwa ca maso ace ouma. Pang'onopang'ono timva cifukwa cace: amalumewo anali kugona ana a m'banja lomwelo, ndipo akuluakulu anali kudziwa. Komabe mkwiyo wonse augwetsera pa mkazi wamasiye, mtsikana wamng'ono, amene akuti sanasamale mwamuna wace.

Apa ndi pamene mtima wanga unawawa. Kwa ife Acewa, malume ndiye mwini mbumba. Ndiye aweruza milandu ya ana a mlongo wace, ndiye amva za ukwati wao. Nanga iye akakhala fisi, mwana adzalira kwa yani? Ndakhalapo pa maliro ambiri, ndatunga madzi, ndatola nkhuni. Ndaona mmene nkhani zina zimathera kuseri kwa nyumba ndi mau awiri okha akuti, "Usaticititse manyazi." Ena amati kutero n'kusunga ulemu wa banja. Ine ndikana. Ulemu umenewo usunga wolakwa, koma mwana amaunyamula yekha mpaka kukula, nthawi zina mpaka ku Lusaka kapena ku migodi, osafunanso kubwera kumudzi. Ife timangoti wachona.

Sindikuti tizinyoza akulu athu. Ambiri a iwo anakhalitsidwa cete momwemo ali ana, ndipo filimuyi sibisa cikondi cao pa atsikanawo.

Ku polisi kuli gawo la Victim Support Unit lomva milandu yotere, ndipo mwana angaimbe 116 kwaulere. Koma mwana wa zaka 10 sayamba ndi polisi. Amayamba ndi mkulu wace kapena mnzace wa kukwaya, pobwera kumadzi, ndipo amayang'ana kaye nkhope yace asanatsirize mau.