Kaseti ya Atate

Atate adamwalira mu 2009, ine ndili mu Sitandade 2. Nkhope yawo ndimaidziwa chifukwa cha chithunzi chimene chidapachikidwa pakhoma kwathu ku Chilomoni, koma liwu lawo ndidaliiwala kalekale, ndipo zimenezi sindidauzepo munthu chifukwa cha manyazi. Tsono pa tchuthi chapitachi amayi adatsegula sutikesi yakale natulutsamo kaseti yolembedwa ndi bolopeni kuti "Khirisimasi 2003".

"Iwe amene ukuphunzira ku Zomba," adatero amayiwo, "abambo ako ali umu. Ndifuna ndiwamvenso ndisanagonthe m'kutu."

Ndidailandira mwamatama kasetiyo. Laputopu ndinali nayo, ndipo pabalaza padali ampulifaya, masipika awiri ndi choimbira makaseti, zonse zosiya atate. Ndinkayesa kuti imeneyi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndidatenga waya kuchokera ku choimbira makaseti n'kulowetsa pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu, ndidajambula mawuwo ndi pulogalamu yaulere ija ya Audacity, kenaka ndidalumikiza laputopu ku ampulifaya kuti ndimve.

Anzanga, zimene zidatuluka m'masipika ndi zosakamba. Padali kulira kwa pansipansi kosalekeza ngati njuchi zili m'phanga, pamwamba pake phokoso la "sii", ndipo atate akati aseke liwu linkang'ambika. Poona izi ndidalamula pulogalamu ija kuti ichotse phokoso lonse, ndipo ndidakankha muyeso wake mpaka pothera. Kudati zii. Ndidasunga ntchito yanga ngati MP3, n'kuitana amayi monyadira.

Amayi adamvetsera kwa mphindi ziwiri ali chiimire. "Amenewa si abambo ako," adatero. "Ameneyu akuyankhula ngati munthu amene ali pansi pa madzi." Atatero adalowera kukhitchini. Usiku womwewo ndidati ndiyeserenso, koma makina adatafuna tepi, ndipo ndidaivuula pang'onopang'ono manja akunjenjemera, n'kuikulunga ndi bolopeni. Pamenepo m'pamene ndidazindikira kuti kaseti imeneyi njimodzi yokha pa dziko lonse lapansi, ndi kuti wofuna kuiwononga ndinali ine ndemwe.

Safunsa adadya phula. M'mawa mwake ndidakwera minibasi ya ku Limbe kukaona mkulu wina wokonza mawayilesi, wa imvi mutu wonse. Nditalongosola zonse adaseka nati, "Mphwanga, madzi akada pa chitsime, kutsuka chikho sikuthandiza. Iwe wayambira kumapeto. Bwerera kumene mawu akuchokera, uzitsata waya mpaka ukafike pa khutu la amayi ako."

Ndidayambira pa choimbira makaseti. Kaseti yotere adayamba kuipanga a Philips mu 1963, ndipo tepi yake imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ikukhudza kachitsulo kowerenga mawu kamene okonza mawayilesi amakatcha hedi. Hediyo ikada, kapena ikapendekeka pang'ono pokha, mawu ang'onoang'ono amasowa, kotero kuti "s" ndi "ch" sizimvekanso. Ndidaipukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, pamodzi ndi kagudumu ka labala kokoka tepi, kamene kadachita mnamo ndipo ndiko kadatafunitsa kaseti ija. Pambali pa hedi pali kasikuluwu. Mkulu uja adati ndizikapotoza pang'onopang'ono kaseti ikuimba, kufikira mawu atayera, pakuti kaseti iliyonse imafuna hedi itapendekeka monga idaliri ya makina amene adaijambula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidayamba ndayesera pa kaseti ina yachabe, ndipo dzanja litazolowera ndidaikamo ya atate.

Za njuchi zija, chifukwa chake chidandichititsa manyazi. Magetsi a m'nyumba zathu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Laputopu ikakhala pa chaja, ampulifaya ilinso pa magetsi, ndipo ziwirizo zalumikizidwa ndi waya wa mawu, timagetsi tina tosochera timadzera m'waya umenewo, ndipo sipika imatiimba monga ngati ndi nyimbo. Ndidazula chaja kuti laputopu iziyendera batire. Njuchi zidathawa nthawi yomweyo, osalipira ngakhale tambala imodzi.

Kung'ambika kwa liwu kudachokera pa kabowo kaja. Kabowo ka maikolofoni adakapangira mawu ofooka kwambiri, pamene choimbira makaseti chimatulutsa amphamvu. Kunali ngati kuthira madzi a mu ndowa m'botolo la mankhwala. Komanso kachipangizo ka mawu ka m'kati mwa laputopu kamakhala mothinana ndi zina zochita phokoso la magetsi. Mnzanga wina woimba kiyibodi ku tchalitchi adandibwereka kabokosi ka USB, kamene kamasandutsa mawu kukhala manambala, ndi manambala kukhala mawu, kali kunja kwa kompyuta. Ndidatsitsa muyeso wojambulira kuti ngakhale phwete la atate lisafike pa mzere wofiira.

Posunga ndidatsata muyeso wa CD, imene idatuluka mu 1982: kompyuta imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi, ndi ma bit 16. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka kunjenjemera kwa maulendo 20,000 pa sekondi, ndipo kuti mawu asungike bwino pafunika kuyeza koposa kawiri nambala imeneyo. CD imanyamula ma kilobit 1,411 pa sekondi, pamene MP3 yanga ija inkanyamula 128 okha, zotsalazo itataya. Sindikunyoza MP3 ayi. Yopangidwa pa muyeso waukulu ambirife sitingaisiyanitse ndi CD. Koma chimene wataya sichibwerera, choncho cholowa cha banja ndidachisunga ngati FLAC, imene imachepetsa fayilo popanda kutayapo kanthu.

Chotsala chidali balaza lenilenilo. Sipika imodzi inkakhala pamwamba pa kabati ya mbale, inzake pakona kuseri kwa mpando, itafundidwa kansalu koluka. Pakona mawu aakulu amachuluka n'kumiza ena onse, ndipo simenti yapansi ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu ngati m'kalasi mopanda anthu. Ndidaika masipika onse awiri pa timipando tofanana, kutali pang'ono ndi khoma, molingana ndi makutu a munthu wokhala pansi pa sofa. Pakati pawo ndidasiya mamita awiri, ndipo kuchokera pa sipika iliyonse kukafika pamalo pa amayi padalinso mamita awiri. Pansi ndidayala mkeka ndi bulangete, makatani n'kutseka. Kunena zoona, mwa zonse zimene ndidachita, chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi chimenechi.

Phokoso la "sii" lokha ndidalisiya, poopa kubwereza tchimo langa loyamba. Lamulungu madzulo ndidawakhazika amayi pamalo pawo.

Poyamba padamveka gitala akulichuna. Kenaka liwu la mwamuna, lopepuka kuposa m'mene ndinkaganizira, lofulumira, la kayankhulidwe ka ku Ntcheu. Amayi adagwira pakamwa. Patapita kanthawi adaloza chala m'mwamba nati, "Imva, mvula!" Ndidatchera khutu. Zoonadi, m'kati mwa phokoso limene ndinkati ndi kuipa kwa tepi mudali mvula ikugwa pa malata. Pulogalamu ija siikadatha kusiyanitsa mvula ndi "sii" wa tepi, ndipo ine nditailamula kuti ichotse zonse, idachotsa mvulayo pamodzi ndi theka la liwu la atate.

"Tsiku limenelo nyumba idadontha pakhomo lolowera kuchipinda," adatero amayi. "Tidatchera beseni."

Chakumapeto kwa mbali yoyamba kudalira khanda. Gitala lidasiya. Liwu lija lidati, "Mayi a mwana, bwera nayeni kuno mnyamatayo, naye aimbeko." Kulira kudasendera pafupi, kenaka kudaleka, ndipo padangotsala atate akung'ung'udza pang'onopang'ono ndi mvula ija.

Sindidayang'ane amayi, nawonso sadandiyang'ane. Tepi itatha adangoti, "Bwezanso."

Tsopano fayiloyo ili patatu: mu laputopu, pa fulashi imene amayi adaimanga pa kansalu, ndi kwa achemwali ku Mzuzu. Kaseti idabwerera mu sutikesi ndipo sitiiimbanso. Kuno ku koleji anzanga a mu hositelo amakonda kukangana za mawaya odula ndi masipika ogwedeza mawindo, ine n'kumangomvetsera. Akandifunsa chimene angagule kuti nyimbo zizimveka bwino, ndimawauza kuti ayambe azula chaja ndi kuchotsa sipika pakona. Usiku chipinda chikakhala chete ndimavala mahedifoni n'kupita pa mphindi ya 41, pamene atate akundiitana.