Nkhuyu za m'paketi

Mwana wa mlongo wanga amaphika makeke kuno ku Kabanana, ndipo imene ikumudyetsa masiku ano ndi keke yopanda dzira, yopanda mkaka, yopanda batala ngakhale shuga. Chotsekemeretsa chake ndi nkhuyu zouma. Amaziviika m'madzi otentha mpaka zifewe, n'kuzisinja pamodzi ndi nthochi zakupsa, kenako amathira fulawa, soda pang'ono, saladi ndi nsinjiro. Ambiri amene amaitanitsa pa WhatsApp ndi a ku Roma ndi ku Kabulonga, anthu oti adokotala anawauza kuti shuga kapena BP yakwera.

Nditailawa ndinamuuza kuti ichi n'chigumu cha ambuya ake, changovala suti. Iye anati, "Amalume, musandiwonongere bizinesi."

Komatu sindinanamize. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya a Kaunda, shuga ndi saladi zinali za pamzere kumasitolo a boma, ndipo ukafika kutsogolo umatha kumva kuti zatha. Dzira linali la mlendo kapena wodwala. Amayi, amene anachokera ku Katete, ankatenga nthochi zimene zada makoko, zoti pamsika palibe angagule, n'kuzikanya ndi ufa wa mgaiwa, mchere ndi soda. Mpoto ankauika pambaula ya moto wochepa, malasha ambiri n'kuwaunjika pachivundikiro, chifukwa chigumu chimapsa ndi moto wapamwamba. Akafuna kudziwa ngati chapsa ankabaya ndi kamtengo ka tsache. Kakatuluka kouma, ife tinali titakhala kale pamphasa. Palibe ankati n'chakudya cha thanzi. Chinali cha anthu osowa, ndipo kusukulu tinkadyera kuseri, kuopa ana obwera ndi buledi wopaka majarini.

Nkhuyu zokha sizinkalowa mumpoto. Zinali za ana, mbalame ndi mileme. Kumpoto kwa komboni, cha ku Ngwerere, kunali minda ndi madambo, ndipo mikuyu inkabala mulu pathunthu penipeni ndi m'nthambi zikuluzikulu. Unkasankha yofiirira, kuing'amba pakati ndi zala, kuuzira kuti tizilombo tichoke, n'kuponya m'kamwa. Akuluakulu ankati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zinalimodi, koma tambiri mwa tizilomboto ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa pakabowo ka kunsonga kukaikira mazira, n'kusiyamo mungu wochokera ku mkuyu wina. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatsocho, ndiye popanda timavuto mbewu yake singakhwime. Tinkauzira kunja mlimi wa mtengowo.

Boma litasintha mu 1991 mizere inatha. Shoprite inatsegula mu Cairo Road mu 1995, Manda Hill mu 1999, ndipo shuga wa ku Nakambala anayamba kupezeka pakantemba kalikonse, womangidwa m'timapepala ta tiyi mmodzi. Tinabwezera njala yonse ija. Keke ya kirimu inakhala chizindikiro chakuti pakhomo zikuyenda, pa kitchen party, pa tsiku lobadwa, ngakhale mwana akangokhoza giredi 7. Chigumu tinachisiyira akumudzi. Nthawi yomweyo madambo aja anadulidwa mapuloti, midadada inakwera, ndipo mikuyu imene ndinkaidziwa inagwa. Mizu ya mkuyu imang'amba maziko ndi zimbudzi, choncho womanga nyumba sauonera chisoni.

Nkhuyu zimene mwanayu amagula kusitolo ndi za mtundu wina, wolimidwa m'maiko a kunyanja ya Mediterranean, ndipo dziko limene limakolola zambiri ndi Turkey. N'zotsekemera kuposa zathu, zilibe tizilombo, ndipo kapaketi kamodzi kamadya ndalama ya ndiwo za masiku angapo. Apa m'pamene ine ndimatsutsana naye. Nkhuyu youma pafupifupi theka lake ndi shuga. Ili ndi gaga wothandiza m'mimba, ili ndi calcium, inde, koma wodwala shuga akamaliza theka la keke poganiza kuti ndi mankhwala, mawa lake makina a kukiliniki adzamuuza zoona. Ubwino wa chigumu cha amayi unali mgaiwa, komanso kuti tinalipo ambiri ndipo aliyense ankalandira kachidutswa.

Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse, uvuni wa mwana wa mlongo wanga uja n'kukhala kabati yosungiramo mbale. Maoda anali atalipiridwa kale. Mayi ake ndiwo anamuonetsa kuthira mchenga pansi pa mpoto waukulu, kukhazikamo chitini cha keke, ndi kuyala malasha pachivundikiro. Yoyamba inapserera m'mbali, zotsatira zinatuluka bwino, ndipo makasitomala sanadziwe kusiyana kwake. Dola itakwera anayesanso masau ouma ndi ufa wa malambe zogula kumsika wa Soweto. Kwa ine keke ya masau ndiyo yokoma, ili ndi kowawasa kamene nkhuyu ilibe. Pano amaphika zonse ziwiri: ya masau imathera kutchalitchi ndi kwa aneba, ya nkhuyu imakwera takisi kupita kumayadi pamtengo wowirikiza.