Mawu amene anasowa mu jukebox ya ku Zindoga

Ku Zindoga, m'dera la Waterfalls mumzinda wa Harare, kumene utsi wa nyama yootcha umayamba kukwera dzuwa lisanapendeke, kuli bala ina imene jukebox yake inayamba kuimba modabwitsa. Magitala ankamveka ndithu, koma woimbayo ankamvekera kutali ngati munthu wogwera m'chitsime, ndipo besi inali itazimiriratu. Mwini bala anati makinawo akalamba, angowagulitsa kwa ogula zitsulo. Ndi iko komwe, makobidi anasiya kulowamo mu 2008 ndalama itasanduka mapepala wamba, ndipo kuyambira pamenepo bokosilo linkangoimba nyimbo za pa flash.

Amene anapempha kuti ayambe wayang'anamo ndi mmisiri wina wachikulire, wobadwira pa famu ya fodya, mwana wa munthu wa ku Ntcheu amene anapita ku Halale osabwerera. M'balamo onse amamutcha Achimwene, monga Ashona amatchulira aliyense wa magazi a ku Malawi, nthawi zina mwaulemu, nthawi zina ayi. Chichewa chake amachilankhula ndi anthu owerengeka. Zidzukulu zake zimamuyankha m'Chishona. Malo amene ankachimva mokweza, pagulu, popanda wotembenuka kumuyang'ana, anali pa jukebox imeneyi, pamene wina wasankha Mundikumbuke ya Alick Macheso, ya mu chimbale cha Simbaradzo cha mu 2000, kapena nyimbo za Nicholas Zakaria.

Anayamba ndi zapafupi. Anapeza masipika anayi a 8 ohm atalumikizidwa ku ampulifaya, awiri uku awiri uko. Kung'ung'udza kuja kunaleka atachotsa pulagi ya jukebox pa soketi ya firiji. Koma mawu a woimba sanabwerere.

Apa m'pamene anakhala pansi n'kuganiza. Ojambula nyimbo amaika mawu a woimba ndi besi pakatikati, ndiye kuti chimodzimodzi ku sipika ya kumanzere ndi ya kumanja, pamene magitala amawamwaza uku ndi uku. Amene anayala mawaya m'balamo kalelo anaumira: m'malo mwa mawaya anayi anakoka atatu, wa negetivi n'kukhala umodzi wa mbali zonse ziwiri. Waya woteroyo akaduka, magetsi amayenda kuchokera ku pozitivi ya mbali ina kupita ku pozitivi inzake, ndipo masipika amangotulutsa chimene mbali ziwirizo zikusiyana. Chimene zikufanana chimafafanizika. Macheso amaimba ndi pakamwa komanso ndi besi, choncho waya mmodzi anamuchotsa yense m'nyimbo yake yomwe.

Anakwera m'denga ndi tochi pakamwa, pa msinkhu umene anzake amangolozera ana ndi ndodo. Pamwamba pa kauntala anapeza waya uja atatafunidwa ndi makoswe. Anakoka watsopano, mbali iliyonse wakewake, kenaka anayesa sipika iliyonse ndi batire ya 1.5 volt: pozitivi ikagunda malo ake, chipepala cha sipika chimatumphukira kunja. Imodzi inalowa m'kati, anaitembenuza mawaya.

Magetsi a ZESA anali atathima, motero anadikira mnyamata kuti alize jenereta. Nyimbo itayamba, besi inagwedeza mabotolo pa shelefu, mawu onse n'kumveka bwinobwino. Mnyamata wa jeneretayo, amene wakhala akuiimba nyimboyi chikhalireni osadziwa chimene ikunena, anafunsa m'Chishona kuti, kodi Achimwene, akuti chiyani pamenepa? Mkuluyo anamumasulira ndime yoyamba uku akukulunga waya wotsala.

Mwini bala anamupatsa madola 10 ndi mbale ya nsima, imene kuno amati sadza, n'kumuuza kuti abwerenso Lachisanu adzaone firiji.